Kusamutsa Windows kupita pa SSD yatsopano popanda kutaya kanthu

Alamu anga amaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale cha ku Katete. Loweruka lina anatulukira kwathu ku Kapata atakulunga laputopu yawo ya HP m'chitenje, n'kuigoneka patebulo ngati mwana wodwala malungo. “Alamu, chinthu ichi chanditopetsa. Ndikachiyatsa m'mawa ndimakatereka madzi a tiyi, pobwerako ndimapeza timadontho tija tikuzungulirabe. Mundifunire china.” Ndinaiyatsa, ndinadikiradi mpaka kuyasamula, kenako ndinatsegula Task Manager. Purosesa inali phee, RAM inali ndi malo, koma pa mzere wa Disk panali 100% osasuntha. Nditayandikiza khutu pansi pa kiyibodi ndinamva kaphokoso kokanda ngati mbewa m'nkhokwe. Ndinawauza kuti ndalama ya laputopu ina aisunge, tisinthe hard disk yokha, m'malo mwake tiikemo SSD, disiki ya mtundu watsopano.

Mkati mwa hard disk muli mbale yozungulira, ya m'malaputopu ambiri imazungulira maulendo 5400 pa mphindi, ndiponso kamkono kowerengera kamene kamathamanga uku ndi uku kufunafuna fayilo. Windows ikamayaka imaitanitsa timafayilo tambirimbiri tobalalika, ndiye kamkono kaja kamakhala ngati munthu amene akutola mtedza wotayika pabwalo umodziumodzi. Mu SSD mulibe chozungulira chilichonse, ndi machipi okhaokha. Ya SATA, dzina la malumikizidwe amene hard disk imagwiritsanso ntchito, imawerenga mpaka cha m'ma 550 MB pa sekondi pamene hard disk ya laputopu imathera cha m'ma 100, ndipo pa timafayilo tating'ono tija kusiyanako kumakula kwambiri. Imapiriranso kugwedezeka, nkhani yabwino kwa munthu amene laputopu yake imayenda pa kaliyala wa njinga.

Kusamutsa kapena kuyamba mwatsopano

Njira zilipo ziwiri. Mungathe kuika Windows yatsopano pa SSD n'kuyambanso kuika mapulogalamu amodziamodzi, kapena kukopera disiki yakale yonse momwe iliri, zomwe anyamata a makompyuta amati cloning. Ine ndimayang'ana kaye thanzi la Windows imene ilipo. Ngati ikutsegula mawindo a malonda okha, ngati mafoda a pa fulashi akusanduka ma shortcut, musasamutse. Chimanga cha anankafumbwe sachithira m'nkhokwe yatsopano. Koma ngati vuto ndi kuchedwa kokha, ndipo muli ndi Office, madiraiva a printer ndi mapulogalamu a kuntchito omwe simudziwa kumene mungawapezenso, kusamutsa n'kumene kumapulumutsa. Alamu anga anali m'gulu lachiwirili, ndipo ndi njira imeneyo imene ndifotokoze.

Dziwani kaye chimene chikukwana m'makina anu

Anthu ambiri amaluza ndalama asanagwire n'komwe sikuludiraiva. Tembenuzani laputopu, werengani nambala ya mtundu wake, muifufuze pa intaneti kuti mudziwe malo a disiki amene ali mkatimo. Malaputopu akale ambiri, aja amabwera atagwirapo ntchito kunja, amalandira SSD ya mainchi 2.5 ya SATA, yofanana kukula ndi hard disk imene mukuchotsayo. Atsopanoko ali ndi malo a M.2, kachinthu kopyapyala kooneka ngati chingamu, kawirikawiri kolembedwa 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali.

Pa M.2 pali msampha. Ina ndi ya SATA, ina ndi ya NVMe, malumikizidwe ena atsopanoko, ndipo pozionera patali zimafanana. Ya SATA nthawi zambiri imakhala ndi mipata iwiri ku mano ake, ya NVMe umodzi. Pali makina olandira zonse ziwiri, pali olandira mtundu umodzi wokha, ndipo yolakwikayo imatha kulowa bwinobwino koma kompyuta osaiona. Palinso timalaputopu totchipa tokhala ndi eMMC, chipi yosungira zinthu yowotcherera pa bodi, mwina mopanda malo oikapo china. Ngati mukuitanitsa ku Lusaka kuti ibwere pa basi, kapena mwatuma munthu wodutsa pa Mwami kupita ku Lilongwe, kubweza katundu wolakwika n'kovuta, choncho tumizani chithunzi cha mkati mwa makina anu musanalipire.

Za kukula: tsegulani This PC muone malo amene mwadzaza kale, osati kukula kwa disiki yonse. Hard disk ya 1 TB yomwe muli zinthu za 140 GB ingasamukire pa SSD ya 256 GB popanda vuto. Kumbukirani kuti Windows imawerengera mosiyana ndi ogulitsa: ya 256 GB imaoneka ngati 238, ya 512 ngati 476, ya 1 TB ngati 931. Si kuberedwa kumeneko. Kuberedwa kwenikweni ndi SSD yabodza yolembedwa kukula kumene ilibe, kapena yakale yoikidwa m'katoni yatsopano. Mukangoigula itseguleni mu CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonetsa thanzi la disiki, muone pa Power On Hours. Yatsopano isamaonetse maola mazanamazana. Ngati dzina lake n'lachilendo ndipo mtengo wake ukukoma mopitirira, iyeseni ndi H2testw, yomwe imadzaza disiki yonse n'kuwerenganso kuti ione ngati malowo alipodi.

Kuwonjezera pa SSD mufunika kabokosi kapena chingwe cholumikizira SSD ku USB, chogwirizana ndi mtundu umene mwagula, sikuludiraiva yaing'ono ya mtanda, ndi fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Pa desktop kabokosi sikafunika, chingwe cha SATA chachiwiri chikwanira.

Malaiti

Chaka cha 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, tonse tinaphunzira kukonza ntchito zathu motsatira ndandanda ya malaiti. Ntchito iyi imafuna chimodzimodzi. Pa laputopu yokhala ndi batire lamoyo mulibe mantha ambiri: lidzazeni, chaja ikhale yolumikiza. Koma ngati batire linafa kalekale, kapena ndi desktop yopanda UPS, bokosi la batire losunga magetsi malaiti akathima, yambani malaiti akangobwera kumene, musayambe atatsala pang'ono kupita. Ine zinandionekerapo pa desktop ya munthu wina, mzere utafika pa 70% nyumba yonse inangoti bii. Mwamwayi, pokopera disiki yakale imangowerengedwa, ndiye ndinangoyambiranso. Poopsa ndi pamene mukuchepetsa kapena kusuntha chigawo cha disiki yakale, chifukwa apo makina amakhala akulemba, ndipo malaiti akathima pakati mutha kutsala ndi disiki yosawerengeka.

Kukonzekeretsa disiki yakale

Poyamba penipeni koperani zinthu zimene simungazipezenso: Documents, Desktop, zithunzi, mafayilo a kuntchito. Ziikeni pa fulashi yaikulu, pa hard disk yakunja kapena pa Google Drive. Musaziike pa SSD yatsopanoyo, chifukwa zonse za pamenepo zifufutika posachedwa.

Kenako tsegulaninso CrystalDiskInfo, ulendo uno muyang'ane disiki yakale. Ikalemba Good, pitirirani. Ikalemba Caution mwachikasu, disikiyo yayamba kudwala, ndipo kuiwerenga yonse kwa maola kungaimalize. Onetsetsani kuti mafayilo anu ali kale pabwino musanayese chilichonse. Ikakhala yofiira, iwalani za cloning, pulumutsani zomwe mungathe n'kuika Windows yatsopano.

Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani chkdsk C: /f, vomerani ndi Y, n'kuzimitsa ndi kuyatsanso kompyuta kuti ikonze zolakwika za m'mafayilo. Mapulogalamu ambiri okopera amaima panjira akakumana ndi zolakwika zoterezi, ndiye mphindi zimenezi sizikutayika.

Tsopano pepukitsani katundu. Disk Cleanup imachotsa zotsalira za ma update ndi foda ya Windows.old ngati ilipo. Lamulo la powercfg /h off limachotsa fayilo yaikulu ya hiberfil.sys, komanso limathimitsa Fast Startup, yomwe imasiya disiki ili ngati yosatsekedwa bwino ndipo imasokoneza mapulogalamu okopera oyakira pa fulashi. Mafilimu ndi nyimbo zisamutseni kwina. Pa laputopu ya alamu anga ndinapeza mavidiyo a ukwati umodzi atakopedwa katatu m'mafoda osiyana, koma imeneyo ndi nkhani ya pabanja.

Chinthu chimene ambiri amachiiwala ndi BitLocker. Makina ena amakiya disiki okha mwini wake osadziwa, makamaka a Windows 11 olowa ndi akaunti ya Microsoft. Fufuzani mu Settings pa Device encryption kapena mu Control Panel pa BitLocker. Ngati ndi yoyaka, lembani papepala kiyi yake ya manambala 48, yomwe imapezekanso mu akaunti yanu ya Microsoft, kenako ithimitseni n'kudikira mpaka imalize kumasula disiki. Mukanyalanyaza, mutha kukumana ndi sikirini ya buluu yofuna manambala amene mulibe.

Chomaliza, dinani Windows ndi R, lembani msinfo32, muone mzere wa BIOS Mode. Umenewu ukuuzani mtundu wa kagawidwe ka disiki yanu. Pakalembedwa UEFI, disiki yanu ndi ya GPT. Pakalembedwa Legacy, ndi ya MBR. Lumikizani SSD ku USB, tsegulani Disk Management, ndipo ikakufunsani mtundu sankhani wofanana ndi wa disiki yakale. Musaigawe kapena kuipanga format, isiyeni choncho.

Pulogalamu yokopera

Yosavuta kwambiri ndi ya kampani imene inapanga SSD yanu. Samsung ili ndi Data Migration mkati mwa Samsung Magician. Crucial ndi Western Digital akhala akupereka pulogalamu ya Acronis yaulere yogwira ntchito pokhapokha ikaona disiki ya kampaniyo. Vuto lake, timabokosi tina ta USB timabisa dzina la SSD, pulogalamu n'kukana kuti palibe disiki yawo. Zikatero yesani kabokosi kena. Macrium Reflect yaulere, imene ambiri tinaizolowera, eni ake anasiya kuisamalira kumayambiriro kwa 2024. Clonezilla ndi Rescuezilla ndi zaulere ndipo sizisankha mtundu wa disiki, zimayakira pa fulashi imene mwaikonza ndi pulogalamu ya Rufus, koma zimavuta SSD ikakhala yaing'ono kuposa disiki yakale, chifukwa muyenera kuyamba mwachepetsa nokha chigawo cha C mu Disk Management. Kwa munthu woyamba kumene, yoyendera mkati mwa Windows yomwe imachepetsa yokha magawo ndiyo ndingamuuze. Itengeni pa tsamba la eni ake, osati yopatsana pa fulashi yolembedwa kuti cracked. Bandulo ya usiku ikwanira.

Pamene muyenera kutsegula maso

Mapulogalamu onsewa amafunsa zinthu ziwiri: Source, kumene zinthu zikuchokera, ndi Destination kapena Target, kumene zikupita. Source ndi hard disk yakale. Destination ndi SSD. Mukatembenuza, pulogalamu idzakopera disiki yopanda kanthu pamwamba pa zaka zanu zonse za ntchito, ndipo idzachita zimenezo mokhulupirika kwambiri. Musadalire manambala akuti Disk 0 ndi Disk 1, amasinthasintha. Werengani dzina ndi kukula kwa disiki iliyonse. Ine ndimatchula mokweza ngakhale ndili ndekha: “Yakale, 931, ikuchokera. Yatsopano, 238, ikulandira.” Zulani fulashi ndi hard disk ina iliyonse yosafunika pa nthawiyi kuti pamndandanda patsale ziwiri zokha.

Disiki ya Windows siikhala ndi C yokha. Pa makina a UEFI pali kachigawo ka EFI, kawirikawiri ka 100 MB kapena kupitirira pang'ono, komwe kamasunga zoyatsira Windows, pali kena ka 16 MB kotchedwa MSR, pali C, ndiye pali ka Recovery. Pa makina a Legacy pamakhala System Reserved. Tengani tonseti. Amene amakopera C yokha poganiza kuti tinato n'zinyalala amapeza mafayilo onse alipo koma kompyuta osayaka, ngati galimoto yokhala ndi zonse kupatula kiyi.

Ngati pali chigawo cha D chosungira mafayilo ndipo SSD ndi yaing'ono, mungachisiye pa disiki yakale, koma yambani mwaona bwino zimene zilimo. Ndi zimene ndinachita kwa alamu anga: ndinasuzumira pa D, ndinaona mafilimu ndi nyimbo za kwaya, ndinachisiya.

Musanadine batani lomaliza onani chithunzi cha momwe SSD idzagawidwire. C ikokeni kuti idzaze malo onse otsala. Pakakhala kabokosi kakuti Optimize for SSD kapena Align partitions, chongani. Mu Power Options ikani Sleep pa Never, tsekani mapulogalamu ena onse, ndiye yambitsani.

Nthawi yake imadalira katundu ndi khomo la USB. Khomo la USB 2.0 limayenda cha m'ma 30 mpaka 35 MB pa sekondi, ndiye zinthu za 140 GB zimadya ola ndi kupitirira. La USB 3.0, lija nthawi zambiri limakhala la buluu mkati kapena lolembedwa SS, limafulumira mpaka hard disk yakaleyo ndiyo imakhala yochedwetsa. Musagwedeze chingwe, ndipo ana auzeni kuti lero kulibe katuni.

Kusinthanitsa madisiki

Ikamaliza, zimitsani kompyuta kwathunthu, zulani chaja, chotsani batire ngati ndi lochotseka kunja. Ngati lili mkati, mukatsegula chivundikiro yambani mwazula kachingwe kake pa bodi. Gwirani chitsulo chilichonse, ngakhale mpopi kapena mabagilabazi a pawindo, kuti magetsi a m'thupi achoke, makamaka nyengo youma ya Ogasiti mpaka Okutobala pamene ngakhale bulangeti limathetheka. Jambulani mkatimo ndi foni musanachotse kanthu. Masikuluu aikeni m'mbale kapena papepala motsatira malo awo, popeza ena ndi aatali ndipo lalitali likalowa pa malo a lalifupi limaboola pulasitiki ya pamwamba.

Hard disk imakhala m'kafelemu kachitsulo kapena ka labala. Imasuleni, muvalitse SSD kafelemu komweko moyang'ana mbali yomweyo, n'kuilowetsa mpaka mano onse abisike. Ngati pali kachingwe kopyapyala ngati riboni, tukulani kaye kachotsekera kake, musakoke mwamphamvu, chifukwa kakaduka simukapeza msanga kuno. M.2 imalowa mopendekeka pang'ono, kenako mumaitsindika pansi n'kuimanga ndi kasikuluu kamodzi. Poti mwatsegula kale, pukutani fumbi pa fani ndi burashi yofewa.

Ulendo woyamba kuyatsa, disiki yakale isakhale yolumikizidwa kulikonse, ngakhale pa USB. Madisiki awiriwa tsopano ndi mapasa okhala ndi chizindikiro chimodzi, ndipo Windows ikawaona pamodzi imatha kuthimitsa imodzi, kapena kuyakira pa yakale inu n'kumadabwa kuti bwanji palibe chasintha.

Ikakana kuyaka

Nthawi zambiri imangoyaka. Ikalemba kuti No bootable device, lowani mu BIOS, menyu ya kompyuta yobwera Windows isanayake, podina batani pongoyatsa: pa HP ndi F10, pa Dell ndi Acer ndi F2, pa ThinkPad ndi F1. Onani ngati SSD ikuoneka. Ngati siikuoneka, mwina simunailowetse bwino kapena ndi nkhani ya SATA ndi NVMe ija. Ngati ikuoneka, ikani Windows Boot Manager pamwamba pa mndandanda, ndipo UEFI kapena Legacy ikhale monga munaonera mu msinfo32.

Sikirini ya buluu yokhala ndi 0xc000000e imatanthauza kuti zoyatsira zikufunafunabe disiki yakale. Konzani fulashi ya Windows pa kompyuta ina ndi Media Creation Tool, yakirani pamenepo, sankhani Repair your computer kenako Startup Repair. Ikalephera, mu Command Prompt ya komweko tsegulani diskpart, patsani kachigawo ka EFI chilembo S, tulukani, ndiye lembani bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI. Onani kaye kuti Windows ilidi pa C, chifukwa kumeneko zilembo zimasintha.

INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE imakonda kubwera pochoka pa SATA kupita pa NVMe, kapena ngati mu BIOS mwasintha pakati pa AHCI ndi RAID, njira ziwiri zimene kompyuta imalankhulira ndi disiki. Bwezerani momwe zinalili, ndipo yesani kulowa mu Safe Mode kamodzi. Kawirikawiri Windows imadzipezera diraiva yoyenera n'kuyaka bwino ulendo wotsatira. Zonse zikakanika, bwezerani hard disk yakale m'malo mwake. Ikadali momwe munaisiyira, ndipo mungakoperenso mawa.

Ikayaka

Tsegulani Disk Management muone ngati pali malo akuda olembedwa Unallocated. Akakhala moyandikana ndi C, dinani kumanja pa C n'kusankha Extend Volume. Ngati ka Recovery kakhala pakati, Windows imakana, ndipo mufunika pulogalamu yosunthira magawo kapena kungopanga malowo kukhala D. Mu Command Prompt lembani fsutil behavior query DisableDeleteNotify. Yankho la 0 likutanthauza kuti TRIM ikugwira ntchito, ndiyo imathandiza SSD kuyeretsa malo a mafayilo ofufutidwa. Mu Optimize Drives payenera kulembedwa Solid state drive, ndipo zisiyeni momwe Windows yaikira, osaikanso mapulogalamu ena a defrag. Layisensi ya Windows imagwirizana ndi bodi ya kompyuta, ndiye kusintha disiki sikuichotsa, komabe suzumirani pa Activation. BitLocker ndi Sleep zibwezereni ngati mumazifuna.

Ndinenepo chimodzi kuti wina asakhumudwe: SSD siisintha zaka za Windows. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena ya AMD yofanana nayo. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Hard disk yakale musaifufute tsiku lomwelo. Ikulungeni, ilembeni deti, iikeni m'dirowa kwa milungu iwiri kapena itatu mukugwiritsa ntchito makina monga mwa masiku onse. Pambuyo pake iikeni m'kabokosi ka USB kaja ngati ndi ka SATA ka mainchi 2.5, ndipo mukatsimikiza kuti palibe chotsala ipangeni format ikhale yosungira zinthu.

Laputopu ya alamu anga inayaka asanamalize kuvula nsapato pakhomo, ndipo anabwerera ku Katete akuseka. Lachitatu lake usiku foni inalira. “Alamu, mapepala a mayeso a Giredi 12 sindikuwaona, ndipo Lolemba ana akulemba.” Ndinatulutsa hard disk m'dirowa, ndinailumikiza pa USB, ndipo ndinawapeza pa D paja, m'foda yolembedwa Nyimbo za Kwaya 2, pansi pa nyimbo zenizeni zisanu ndi imodzi. M'mawa mwake ndinaikulunga m'nyuzipepala pamodzi ndi kabokosi kake n'kuipatsa kondakitala wa minibasi yoyamba ya ku Katete.